Chovala cha chiphaniphani: kandalama kapite pa mchira, zina tolani pakhomo

Funso: Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 7, ali giredi 2 kuno ku Chipata. Pa sewero lotsekera sukulu mu Disembala amusankha kukhala chiphaniphani, ndipo aphunzitsi akuti chovalacho chiziwala ndithu poti seweroli lichitika madzulo m'holo. M'thumba mulibe zambiri. Anzanga ena akuti ndigule penti yowala mumdima, ena akuti ndimukulunge timagetsi ta Khirisimasi. Nditani kuti chiwale bwino mwana osapwetekeka? Mayi wa ku Kapata.

Yankho: Amayi, penti ija isiyeni m'sitolo momwemo, ndipo timagetsi tolumikiza kukhoma tisakhudze n'komwe thupi la mwana. Chofunika ndi botolo la pulasitiki la malita 2, timababu ta LED 6, mabatire 3 a AA, ndi kabatani koti mwanayo azidina yekha ndi chala. Kandalama kanu kathere pamenepo. Mapiko, tinyanga ndi zovala zichokera m'katoni, m'chikwama chakale cha sukulu ndi pa mulu wa salaula.

Ambiri amalakwitsa pofuna kuwalitsa mwana yense kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mvula ikayamba, mutengeni mwanayo chamadzulo kumene kuli dambo kapena udzu wonyowa, kaya ndi cha ku mtsinje wa Lutembwe, mukachione chenicheni. Chiphaniphani ndi kachikumbu. Chili ndi miyendo 6, tinyanga tiwiri, mapiko awiri olimba pamwamba ndi ena awiri ofewa obisika pansi pake, ndiponso kachigoba kophimba mutu. Thupi lake ndi lodera, siliwala ayi. Kuwala kumachokera kumapeto kwa mimba kokha, kumene mankhwala otchedwa luciferin amakumana ndi okosijeni mothandizidwa ndi mankhwala ena otchedwa luciferase, n'kutulutsa kuwala kosatentha. Mtundu wake ndi wachikasu wobiriwirako, ndipo kumayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Owonera akaona kanthu kakuda kakuyenda, kumchira kwati thwani, kwazima, kwatinso thwani, sadzafunsa kuti mwanayu wavala chiyani. Koma mukamuyatsa thupi lonse osazima, adzangoti wadutsa mtengo wa Khirisimasi.

Penti yowala mumdima ilibe kuwala kwakekwake. Imasunga kumene yalandira padzuwa kapena pa babu, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Mphindi zoyamba imaoneka, koma mwana akadikira kuseri kwa katani theka la ola, polowa amapezeka wangotuwa basi. Imafunanso mdima wa ndiweyani, chikhalirecho m'holo ya sukulu simusowa babu la pakhomo ndi mafoni a makolo ojambula. Timachubu tija timawala ukatipinda tili bwinoko, timatha maola angapo, koma sitiphethira, timagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo mwana akatiluma madzi ake amayabwa m'kamwa ndi m'maso. Za timagetsi takukhoma tisachulutse mawu. Magetsi a ZESCO ndi a mavolti 230, kawaya kake n'kopyapyala, ndipo mwana adzakhala akuvina pasimenti thukuta lili kamukamu. Kandulo ndi koloboyi nazo zisayandikire katoni ndi nsalu ya nayiloni.

Ntchito yaikulu ili pa mchira. Botolo la zakumwa la malita 2 limatalika masentimita 30 ndi pang'ono, ndipo limakwana mwana wa zaka 6 mpaka 9. Wocheperapo mupatseni la lita imodzi. Litsukeni, musende pepala lake, liume mkati mpaka kadontho komaliza, poti chinyezi chimachititsa dzimbiri polumikizana mawaya. Kenaka likwecheni kunja konse ndi sandipepa wosakhakhala kwambiri, mpaka lituwe musamaonenso za mkati.

Musanyozere kukwechaku. Kababu ka LED kamaponya kuwala kutsogolo kokha, kampata kakang'ono. Mukakaika m'botolo loonekera, owonera adzaona timadontho 6 tothobwa m'maso ndi mawaya ake, osati mimba yowala. Kuwalako kuyenera kumwazika, ndipo kumamwazika ndi zinthu zitatu pamodzi. Choyamba ndi botolo lokwechalo. Chachiwiri, nsonga yobulungira ya kababu kalikonse muikhute pa sandipepa mpaka iphwatalale ndi kutuwa; mamilimita awiri akwana, musafike pa kachitsulo ka mkati. Chachitatu, mulongeze m'botolo timatumba ta pulasitiki toyera topyapyala tija ta kumsika, tofwinyafwinya. Tinayi kapena tisanu basi, osatsindira. Mukachulutsa timameza kuwala, mchira n'kuda.

Mtundu ubwera ndi nsalu. Pa salaula funani kalegingi kapena malaya a manja aatali, achikasu kapena obiriwira mopepuka, nsalu yotamuka ndi yopyapyala. Muiyesere pomwepo musanalipire: yatsani tochi ya foni, muilowetse mkati mwa nsaluyo, muone ngati kuwala kukudutsa. Ikakana isiyeni, ngakhale mtundu utakongola bwanji. Dulani mwendo umodzi, mulowetsemo botolo khosi lili kumtunda, kumunsi mumange ndi ulusi, kumtunda musiye nsalu yotsala masentimita 15. Nsalu yotsalayi ndiyo mudzasokere mchira ku chikwama, chifukwa pulasitiki ya botolo siimvana ndi guluu. Wotentha wa kamfuti uja amakwinyitsa botolo, ndipo super glue amauma gwa n'kuthetheka mwana akangodumpha kawiri. Kuyambira pakhosi kutsika masentimita 10, kulungani nsalu yakuda. Pa gawo lowalalo zunguliza mizere iwiri ya tepi yakuda ya magetsi, motalikirana masentimita 6, kuti mimbayo ioneke ya mfundomfundo.

Zoyatsira zili ndi njira ziwiri. Yachidule ndi iyi. Khirisimasi ikamayandikira, m'masitolo mumabwera timagetsi ta pa kawaya ka kopa, tokhala ndi kabokosi kake ka mabatire a AA. Timeneti n'tosiyana ndi takukhoma, sitingamugwire mwana. Sankhani ta mamita 2 kapena 3, toyera kapena tachikasu, ndipo swichi yake ikhale yoyatsa ndi kuzimitsa basi, yopanda masitayilo a kaphethiridwe. Kulungani kawayako pa kamtengo ka nsungwi, mulowetse m'botolo, kabokosi katsale kunja. Mukatipeza pamtengo wabwino, gulani musavutike.

Njira inayo ndi yolumikiza nokha, ndipo nthawi zambiri imawala kuposa yoyambayo. Pitani kwa okonza mawailesi ndi ma TV, kaya ku msika wa Kapata kaya ku Down Shops, mukapemphe ma LED a mamilimita 5 okwana 6, anayi oyera, awiri obiriwira. Oyera akadutsa pa nsalu yachikasu amatuluka achikasu, obiriwira aja n'kuwonjezera kamtundu ka chiphaniphani. Mupemphenso ma resistor 6, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi yopita ku kababu, a ma ohm 100 (ohm ndiye muyeso wake). Mizere yake ndi yabulauni, yakuda, yabulauni, ndi yagolide kumapeto. Ngati pakhomo pali tochi yakufa, itengeni, poti kawirikawiri chimene chimafa ndi swichi kapena batire, timababu tili bwinobwino. Babu la LED la m'nyumba lakupsa musataye nalo nthawi, timababu take tambiri timafuna mavolti oposa a mabatire atatu.

Wina adzakuuzani kuti resistor n'ngosafunika, kababu kamayaka ngakhale popanda iye. Kuyaka kamayakadi, koma masamu ake ali chonchi. Kababu koyera kapena kobiriwira kamadya mavolti pafupifupi 3, ndipo sikafuna mphamvu yodutsa mamiliampeya (mA) 20, umene ndi muyeso wa magetsi oyenda m'waya. Mabatire atatu apereka mavolti 4.5. Otsala 1.5 aja ayenera kuthera penapake, ndipo pamenepo ndi pa resistor: 1.5 kugawa ndi 100 kutipatsa 0.015 ya ampeya, ndiye kuti 15 mA, yokwanira kuwala bwino kababu osatopa. Mukamuchotsa, kababu kamati ngwee kwa kanthawi, katenthe, kayambe kuoneka kabuluu, kenaka zii. Pa batire ya 9V kamapsa nthawi yomweyo. Mabatire awiri okha amakayatsa mofooka, ndipo akangotsika pang'ono kuwala kumatheratu. Mukapeza timababu tachikasu m'malo mwa toyera, dziwani kuti timeneto timadya mavolti 2 okha, ndiye resistor wake akhale wa ma ohm 150, mizere yabulauni, yobiriwira, yabulauni. Kababu kalikonse kakhale ndi resistor wakewake. Mukaika mmodzi wa tonse mutasakaniza mitundu, kachikasu kamalanda mphamvu yonse, koyera osayaka n'komwe.

Sengani kamtengo ka nsungwi kotalika masentimita 25, m'lifupi kasapose sentimita imodzi, chifukwa pakamwa pa botolo ndi pa masentimita awiri ndi pang'ono. Mbali imodzi ya kamtengo idutse waya wofiira, mbali inayo wakuda. Kababu kali ndi miyendo iwiri: wautali ndi wa +, waufupi ndi wa −. Ngati miyendo inadulidwa kale, yang'anani m'mphepete mwa kababu, mbali yophwatalala ndiyo ya −. Mwendo wautali ulumikizeni ku resistor, resistor ku waya wofiira, mwendo waufupi ku waya wakuda. Yambani chakumunsi kwa kamtengo, timababu titalikirane masentimita 3, kena kayang'ane kumanja, kena kumanzere, kena kunja. Kuwala kolunjika kumsana kwa mwana n'kotaya chabe. Kalikonse kayeseni pa mabatire musanakulunge tepi, ndipo mfundo iliyonse ikulungidwe payokha, yofiira isakhudzane ndi yakuda. Wokonza mawailesi akakuwotchererani ndi mtovu n'kwabwino kopambana, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mukapota ndi manja, potani kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira, mufinye ndi pulayala.

Pa chitsekero cha botolo boolani ndi msomali wotentha, mawaya atulukirepo, ndipo mkati mwa chitsekeromo muwamange mfundo kuti akakokedwa chikoka chisafike ku timababu. Kamtengo kaime pakatikati, kababu kalikonse katalikire khoma la botolo masentimita osachepera 3. Timatumba tija mutikankhire mozungulira ndi kamtengo kena, ndito tigwire nsungwiyo kuti isamagubuduke.

Mabatire akhale m'kabokosi kake, kaya kochokera m'chidole chowonongeka kaya kogula. Omanga ndi tepi amasiyana mwana akamathamanga, nyali n'kumadukiza. Timababu 6 tikudya 90 mA tonse pamodzi, kotero mabatire a alkaline atha maola oposa 10 ngakhale osazimitsa, ndipo pophethira apitirira pamenepo kutali. Otchipa aja ndi abwino poyeserera kunyumba. A alkaline atsopano muwasunge a tsiku la sewero, ndipo musasakanize akale ndi atsopano. Kabokosi kakhale kumtunda kwa msana, osati m'botolo, poti kulemera kukakhala kumchira mchirawo umalendewera n'kumamenya mwana kumbuyo kwa mawondo.

Pali mitundu itatu ya mabatire imene tikukuletsani. Timabatire tobulungira ta m'mawotchi ndi m'makiyi a galimoto, monga CR2032, n'tokopa chifukwa n'tating'ono, koma mwana akameza kamodzi kangathe kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Ndipo mwina si wanuyo ayi, ndi mng'ono wake wokwawa amene angakatole. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe kudandaula. Mabatire a lithium otolera m'malaputopu ndi m'matochi a sola, aja amati 18650, mawaya akangokhudzana amatulutsa mphamvu yofiiritsa waya, ndiye ganizani ali pamsana pa mwana pakati pa katoni. Power bank ya foni ilibe ngozi yotero ndipo mavolti ake 5 amagwirizana ndi ma resistor omwewo, koma zambiri zimadzizimitsa zokha zikaona kuti chodya mphamvu n'chochepa kapena chadukiza. Mwana adzadina kabatani pakati pa sewero, osayaka kanthu.

Kabataniko ndiko kamapatsa chovala moyo. Ku hardware funsani batani la belu la pakhomo, lija limagwira ukadina n'kusiya ukachotsa chala. Likasowa, tengani pegi yamtengo yoyanikira zovala. Kumichira iwiri imene mumafinya ija, kulungani waya wa kopa wosenda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mchira uliwonse waya wake. Mukafinya, michira ikumana, nyali yayaka. Mukasiya, sipuling'i iwalekanitsa. Mavolti 4.5 sagwira munthu ngakhale dzanja lili ndi thukuta. Polumikiza dulani waya wofiira wokha, pakati pa kabokosi ndi botolo, nsonga ziwirizo zipite ku batani.

Waya wopita kudzanja akhale wofewa, wa timinga tambiri mkati, monga wa masipika kapena wa tchaja yakale. Waya wa mtima umodzi wa m'nyumba amathyoka pachigongono akapindidwa kambiri, ndipo amathyokera mkati mwa chikopa chake mmene simungaone. Wa mahedifoni nayenso amavuta, timinga take n'topakidwa vanishi, ukalumikiza osagwira. Yezani mwana atatambasula mkono m'mwamba, kuchokera pakati pa mapewa mpaka pachikhatho, muwonjezere masentimita 15. Wayayo adutse kukhwapa, mumusokere mkati mwa mkono wa malaya pa masentimita 10 alionse. Pakhosi asadutse zivute zitani. Batani mulimangire pachikhatho ndi kalasitiki kuti mwana akatambasula zala lisagwe.

Ngati mwagula timagetsi ta pa kawaya ka kopa tija, simufunika kudula kalikonse. Dulani kakatoni kopyapyala kokula ngati nsonga ya batire, mumate pepala la aluminiyamu mbali zonse ziwiri koma mapepalawo asakhudzane m'mphepete, mbali iliyonse mupanikizepo waya wake. Kalowetseni pakati pa mutu wa batire imodzi ndi kachitsulo ka m'kabokosi, swichi muisiye yoyatsa, mawaya awiri aja apite ku batani. N'chifukwa chake tinati mupewe tamasitayilo: mphamvu ikadukiza, tambiri timayambiranso poyamba kapena kudumphira sitayilo ina, mwana akadina kamodzi tithwanime mothamanga, akadinanso tiyambe zina. Matochi a masitayilo nawo ali ndi khalidwe lomwelo.

Muphunzitseni kadinidwe. Adine powerenga 1, asiye powerenga 2 ndi 3, adinenso. Ana amakonda kudina mothamanga, koma chiphaniphani sichitero, ndipo kuthwanima kopitirira katatu pa sekondi imodzi kungathe kudzutsa khunyu mwa anthu ena amene ali m'holomo. Pa chifukwa chomwecho, nyali ya njinga yophethira, imene kuno ku Chipata siisowa, si yabwino pa ntchitoyi: imathamanga, ndipo yakumbuyo ndi yofiira. Ngati pali mbali ya sewero imene mwana agwirana manja ndi anzake kapena kuwomba m'manja, ikani swichi wamba pa kabokosi, yolumikiza mawaya awiri omwe aja a batani, kuti aphunzitsi athe kuyatsa nyali yosazima.

Zonsezi zikwera pa chikwama chakale cha sukulu, chaching'ono, chakuda kapena chodera. Malamba ake anasokedwa kale kuti anyamule katundu pamsana pa mwana, ndiye palibe chifukwa chovutikira ndi zingwe. Kabokosi ka mabatire kalowe m'kathumba kakumtunda, mukasokerere kuti kasamayendeyende. Nsalu yotsala ya mchira ija isokereni kumunsi kwa chikwama, mizere iwiri ya ulusi wolimba. Posoka siyani kamtunda ka zala ziwiri pakati pa chikwama ndi khosi la botolo, kuti mchira uzitha kunyamuka mwana akamakhala pansi. Pakati pa botolo ndi thupi ikani kasiponji kuti mchira uloze kunja pang'ono, asamaumenye ndi miyendo. Malamba awiriwo muwalumikize pachifuwa ndi kalasitiki, apo ayi adzatsetsereka m'mapewa akamavina.

Mapiko olimba ndi a katoni. Yezani kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Kwa mwana wa zaka 7 lililonse litalike masentimita 40 mpaka 45, m'lifupi 17, lobulungira kumunsi. Athere pamene payambira gawo lowala, asaliphimbe. Podula onetsetsani kuti timizere ta mkati mwa katoni tikuyenda m'litali mwa phiko. Tikapingasa, phiko limapindika pakati tsiku loyamba lomwelo. Mukapaka penti pakani mbali zonse ziwiri n'kuumitsa atagona pansi mwatsindira ndi mabuku, poti katoni yonyowa mbali imodzi imapotoka. Komabe Disembala ndi mvula, ndipo katoni ikanyowa panjira yopita kusukulu yatha ntchito. Kuli bwino kuwakuta ndi pulasitiki yakuda yokhuthala, kumata ndi tepi mbali ya mkati, kenaka kuzunguliza m'mphepete kamzere kachikasu ka sentimita imodzi.

Kumtunda kwa phiko lililonse boolani mabowo awiri, mumangirire ku chogwirira cha chikwama ndi chingwe cha nsapato. Katoni imang'ambika pabowo, ndiye boolani zitsekero za mabotolo, chingwe chidutse m'chitsekero chisanamangidwe mfundo, kuti chikoka chigwere pa chitsekero. Kumtunda mapiko akumane, kumunsi atalikirane masentimita 20. Musawamange gwa, azigwedezeka pang'ono, atha kudutsa pakhomo ndi pakati pa ana anzake osathyoka. Mukamata pepala la aluminiyamu mkati mwake chakumunsi, limabweza kuwala kwa mchira n'kuoneka kokulirapo, koma likhale kutali ndi mfundo za mawaya chifukwa limadutsitsa magetsi. Mapiko ofewa a pansi ndi ongowonjezera: zidutswa ziwiri za katani ya lesi zolendewera pansi pa katoni zakwana. Neti ya udzudzu isiyeni pa ntchito yake, makamaka nyengo ino ya malungo, ndiponso mankhwala ake amayabwa khungu la ana ena.

Zotsalazo n'zosavuta. Malaya akuda ndi kabudula kapena legingi yakuda. Manja awiri ndi miyendo iwiri zilipo kale, ndiye yowonjezera ndi iwiri yokha: masokosi aatali akuda, mulongezemo zidutswa za kwa telala, muwasokere m'mbali mwa malaya cha m'nthiti, nsonga yake muimangire kuchigongono ndi kachingwe ka masentimita 20 kuti izinyamuka mwana akakweza manja. Tinyanga musapange ndi waya wa hang'ala, ungalase mnzake m'diso. Tengani ma cable tie (timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya) akuda awiri a masentimita 20, muwamange pa kabandi ka tsitsi michira italoza m'mwamba, kunsonga mukulunge katepi. Kapusi yofiirira kapena yachikasu iimira kachigoba ka kumutu. Nkhope isaphimbidwe, mwana akuyenda mumdima. Masokosi okha pasimenti ya polishi amaterera, avale nsapato za mphira.

Malizani kutatsala masiku atatu kapena anayi, kuti muyese. Kuyesa kwake si kwa m'chipinda chamdima mutayandikira ayi, mmenemo chilichonse chimaoneka chowala. Tulukani panja chamadzulo, babu la pakhonde lili chiyakire, muime mapazi 15 kuchokera pa mwana, muone ndi maso anu osati pa foni, chifukwa kamera imakokomeza kuwala. Mchira ukaoneka wofooka, chotsani timatumba tiwiri, ndipo zikapanda kusintha ndiye kuti nsalu yakhuthala. Mukaona timadontho, kamtengo kapendekera kukhoma la botolo. Kababu kamodzi kakakana pamene tinzake tikuyaka, miyendo yake yatembenuka, isinthanitseni. Tonse tikakana, yang'anani mmene mabatire alowera, kenaka gunditsani mawaya awiri a batani. Tikayaka, vuto lili pa batani. Nyali ikamadukiza yokha mwana akamayenda, pali mfundo yolekera, gwedezani imodziimodzi mpaka muipeze. Koma kuwala kukatsika mwadzidzidzi, kabokosi kapena waya n'kufunda, chotsani mabatire msanga: wofiira ndi wakuda akhudzana penapake, ndipo musabwezeretse musanapeze malowo.

Kenaka avale chonse kwa mphindi 15, athamange, adumphe, akhale pansi, ayese kuvula chikwama yekha ngati mmene angachitire popita kuchimbudzi. Apa mpamene mudzaone kuti waya wa kudzanja akumangirira chikwama ku malaya. Ngati zikumuvuta, masulani ulusi wa m'mkono, wayayo mumugwire ndi timalasitiki titatu tovala kunja kwa mkono, kuti chikwama ndi waya zizivulidwa pamodzi.

Mukalankhulenso ndi aphunzitsi sewero lisanafike. Mchira uli kumbuyo, owonera ali kutsogolo, ndiye mwana akangoima chiyang'anire anthu, ntchito yonseyi ibisika kumsana. Alowe chammbali, azungulire bwalo, azitembenuka, ndipo pa nthawi yolowayo mababu a kutsogolo azimitsidwe ngakhale kwa mphindi imodzi. Ngati ziphaniphani zilipo zingapo, asadine pamodzi onse, aliyense awerenge zake. Patsikulo nyamulani mabatire atatu apadera, tepi yakuda, singano yolowetsa kale ulusi ndi mapini awiri, mapiko muwanyamule m'thumba la pulasitiki mukawamangire konko. Sewero likatha chotsani mabatire m'kabokosi musanasunge chovalacho, chifukwa akakhalitsamo amatuluka madzi n'kudya tizitsulo take.